Mphunzitsi wa Sukulu ya Kwacha kwa Lukwa: Mbiri ya Ntchito Yake

Mphunzitsi wa anthu akuluakulu, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti mlangizi wa sukulu ya kwacha, amaphunzitsa amayi ndi abambo omwe sukulu inawaphonya ali ana, kapena anaisiyira panjira dzanja lisanazolowere cholembera. Amawaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, ndipo pamwamba pa zimenezi amayenera kukambirana nawo za ulimi, za umoyo ndi za kasamalidwe ka ndalama pakhomo. Kwa Lukwa, dera la mfumu yaikulu ya Achewa m'boma la Kasungu lomwe mbali ina limachita malire ndi nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, ntchito imeneyi yakhala ndi eni ake ambiri, monganso m'madera ena a chigawo chapakati. Anayamba ndi amishoni, kenaka boma la atsamunda, kenaka boma la chipani chimodzi, ndipo lero ndi unduna woona za chitukuko cha m'midzi pamodzi ndi mabungwe omwe si aboma. Aliyense mwa eni akewa ankatuma mphunzitsi ndi uthenga wakewake. Ophunzira nawo ankabwera ndi zofuna zawo. Motero mphunzitsiyu wakhala ngati nkhoswe, woima pakati pa womutuma ndi anansi ake amene amamwa nawo chitsime chimodzi.

Kuphunzitsa munthu wamkulu sikunayambe ndi zilembo. Pakati pa Achewa, namkungwi sankalangiza atsikana otha msinkhu okha. Ankabweranso mkazi akamalowa m'banja, ndiponso akakhala ndi pakati poyamba, pa mwambo wa chisamba. Amuna anali ndi akuluakulu awo a kudambwe, ndipo mfumu yatsopano nayo inkalangizidwa isanayambe kuweruza milandu. Luso la manja linkayenda njira yomweyo. Mabwinja a ng'anjo zosungunulira chitsulo omwe akuonekabe m'nkhalango ya Kasungu ndi umboni woti kunali akatswiri amene ankasiyira anzawo ntchito yovuta kwambiri popanda buku. Maphunziro amenewa ankafika pa nthawi imene munthu akuwafuna, ankaperekedwa ndi munthu wodziwika m'mudzi, ndipo kulephera kwa wophunzira sikunkaulutsidwa pabwalo. Aphunzitsi a zilembo amene anabwera pambuyo pake ankapimidwa ndi muyeso womwewo.

Sukulu inafika ku Kasungu itatha nkhondo ya kumapeto kwa 1895, pamene asilikali a boma la Britain anagonjetsa mfumu Mwase Kasungu ndi kumanga linga lawo la Fort Alston. Mishoni ya Livingstonia inatumizako aphunzitsi ake zaka za m'ma 1890 zisanathe, ndipo mu 1900 Dr George Prentice anakakhazikika kumeneko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 ntchito ya ku Kasungu, yomwe phata lake linali ku Chilanga, inaperekedwa m'manja mwa mishoni ya Dutch Reformed Church ya ku Nkhoma. M'masukulu a m'midzi a nthawi imeneyo, kusiyana kwa mwana ndi wamkulu sikunkaoneka kwenikweni. Pa chipika chimodzi pankakhala mnyamata wosatha msinkhu ndi bambo wa ndevu zake, onse akutchula a, e, i, o, u. Wofuna ubatizo ankayamba walowa kalasi, ndipo mipingo imeneyi inkalimbikira kuti mkhristu azitha kudziwerengera yekha Mawu a Mulungu. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, anthu ambiri akuluakulu anapeza chifukwa chooneka chophunzirira zilembo.

Mphunzitsi wa m'mudzi wa nthawi imeneyo anali ndi ntchito zambiri kuposa dzina lake. Ankaphunzitsa ana, ankaphunzitsa a kalasi, ankatsogolera mapemphero, ndipo ankayenera kukhala bwino ndi mfumu imene inamupatsa malo. Apa panali povuta, chifukwa amishoni ankadana ndi gule wamkulu, ndipo eni dambwe ankaona sukulu ngati yodzawalanda anyamata. Mphunzitsi waphuma ankatha kutsala ndi mabenchi okhaokha. Panalinso ntchito ina imene sinalembedwe m'malamulo a mishoni koma inkamukweza kapena kumutsitsa pamaso pa anthu. Amuna ambiri a ku Kasungu ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, ena paokha, ena kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Mthandizi. Kalata ikabwera, mayi wosadziwa kuwerenga ankaitengera kwa mphunzitsi, ndipo yankho linkalembedwanso ndi dzanja la mphunzitsi yemweyo. M'makalatamo munkakhala za ndalama, za matenda, za nsanje ndi za kutha kwa mabanja. Wowerenga ankayenera kunena zimene zalembedwa, osaonjeza, osachotsa, ndipo akachoka pamenepo kukamwa kwake kukhale kotseka. Udindo wosunga chinsinsi, umene mpaka lero ndi waukulu pa ntchito imeneyi, unakhwima pa makalata amenewa. Ndipo ambiri amene anafuna kudziwa kulemba anakakamizika ndi kutopa kouza munthu wachitatu nkhani za m'nyumba mwawo.

Si aphunzitsi onse amene anakhalabe pansi pa amishoni achizungu. Hanock Msokera Phiri, mwana wa ku Kasungu amene anaphunzira ku Livingstonia ndipo anali malume a Hastings Kamuzu Banda, anabwerera kwawo mu 1924 kuchokera ku South Africa ali mbusa wa mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo anatsegula mpingo ndi sukulu ku Mdabwi.

Boma la atsamunda linachedwa kulowa m'nkhani za maphunziro. Dipatimenti yake ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, patadutsa zaka zoposa 50 amishoni a Livingstonia atafika m'dziko muno. Mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene ankasula aphunzitsi oyendera anzawo m'midzi. Wophunzira ankapita ndi mkazi wake. Mwamuna ankaphunzira kulangiza anthu za zimbudzi, maenje a zinyalala, madimba ndi kamangidwe ka nyumba, ndipo mkazi ankaphunzira kulangiza amayi za kulera ana, kuphika ndi kusoka. Mafumu nawonso anayamba kuitanidwa kukachita maphunziro kumeneko. Kuchokera pamenepo, mphunzitsi wa akuluakulu ankayembekezeredwa kukhala chitsanzo: wophunzitsa za ukhondo pakhomo pake pasasowe chimbudzi. Mu 1947 boma linayesa ntchito yophunzitsa anthu onse a dera limodzi pakamodzi ku Mponela, pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu, bungwe la UNESCO likutengapo mbali. Ntchitoyo sinakhalitse, ndipo patangopita zaka zochepa boma linatembenukira ku Domasi kukayesa njira ina ya chitukuko cha m'midzi. Zaka zomwezo kunabwera malamulo a malimidwe, okakamiza alimi kupanga mizere ndi migula yotchinga madzi. Uphungu wake sunali woipa, koma mlangizi amene ankabwera nawo ndi yemwenso ankakanena wosamvera kuti alipitsidwe kapena kumangidwa. Anthu anadana ndi uphunguwo pamodzi ndi mwini wake, ndipo chipani cha Congress chinapezerapo otsatira ambiri. Munthu wamkulu angathe kukakamizidwa kukumba mgula, koma sangakakamizidwe kukhulupirira kuti mgulawo ndi wake.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, umbuli unkatchulidwa limodzi ndi umphawi ndi matenda monga adani oyenera kugonjetsedwa. Makalasi a akuluakulu, omwe anatenga dzina loti sukulu za kwacha, ankayendetsedwa ndi boma ndi mipingo, ndipo panalinso alangizi a amayi ophunzitsa zapakhomo, alangizi a zaulimi ndi achinyamata a Malawi Young Pioneers. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, zomwe zinapeputsa ntchito ya mphunzitsi wa kwa Lukwa, popeza chiyankhulo cha m'buku chinali chomwe ophunzira ake ambiri anayamwira. Vuto linali pa kaphunzitsidwe. Makalasi ambiri ankangotengera za ana a sitandade 1: kuloweza zilembo, kubwereza mokweza, kukopera za pa bolodi. Mayi amene wasiya mphika pamoto kuti adzachite zimenezi kwa miyezi yambiri osaona phindu ankagwa mphwayi n'kusiya.

Kunja nako nkhaniyi inkakambidwa. Msonkhano wa nduna za maphunziro umene unachitikira ku Tehran mu 1965 unagwirizana kuti kuwerenga ndi kulemba kuzilumikizidwa ndi ntchito imene munthu amadyerapo. Ku Tanzania, Julius Nyerere analengeza 1970 kukhala chaka cha maphunziro a akuluakulu. Malawi anayamba kuyesa njira yatsopanoyi mu 1981 mothandizidwa ndi UNESCO ndi UNDP, ndipo mu 1986 anakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya sukulu za kwacha, yomwe ikuyendabe mpaka lero. Chaka chomwecho cha 1981, ku Mtunthama m'boma lomweli la Kasungu kunatsegulidwa Kamuzu Academy, kumene ana osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi ochokera ku Ulaya. Dziko linasonyeza kuti likafuna limatha kusamala mphunzitsi. Koma maphunziro a makolo a anawo linawaika m'manja mwa anthu ongodzipereka, ndipo chisankho chimenecho ndicho chaumba ntchitoyi kufikira lero.

Dongosolo la 1986 linali lotere. Mudzi ukafuna kalasi umasankha komiti, ndipo komitiyo pamodzi ndi mfumu imaloza munthu wa m'mudzi momwemo wodziwa bwino kulemba ndi kuwerenga, wa khalidwe lovomerezeka. Poyamba wofika sitandade 8 ankakwanira. Pambuyo pake anayamba kufunidwa amene anapondako ku sekondale. Wosankhidwayo amachita maphunziro a pafupifupi sabata ziwiri, n'kupatsidwa bolodi, choko, kaundula, buku la mlangizi ndi mabuku a ophunzira, lomwe lodziwika kwambiri ndi Chuma ndi Moyo. Kalasi imayenera kukhala ndi anthu pafupifupi 25, kukumana maola awiri patsiku, masiku anayi pasabata, kwa miyezi khumi. Pamapeto pake pamakhala mayeso, ndipo okhoza amalandira satifiketi. Pamwamba pa mphunzitsi pali woyendera makalasi angapo, ndipo pamwamba pa iyeyo pali mlangizi wa chitukuko cha m'midzi, wolembedwa ntchito ndi boma, amene kawirikawiri amakhala wosulidwa ku koleji ya Magomero.

Papepala udindo wa mphunzitsi ndi wosavuta kuutchula: kulemba maina a ophunzira, kukonzekera phunziro, kuphunzitsa, kusunga kaundula, kutumiza malipoti ndi kukonzekeretsa anthu mayeso. Phunziro limayamba ndi chithunzi cha m'buku, mwina cha mayi akutunga madzi kapena banja likukolola. Ophunzira amakambirana zimene akuona ndi mmene zilili kwawo. Pa zokambiranazo pamatuluka chiganizo, m'chiganizomo mawu amodzi, ndipo mawuwo amaphwanyidwa m'maphatikizo. Chichewa chimavomera bwino njira imeneyi, chifukwa amene wagwira ma, me, mi, mo, mu ndi la, le, li, lo, lu angathe tsiku lomwelo kudzipangira yekha mawu monga malo, lumo kapena lima. Chimwemwe cha munthu wa zaka 50 amene wangopanga mawu ake oyamba ndicho chimamubweretsanso mawa.

Koma ntchito yeniyeni ili pa zinthu zimene buku la mlangizi silingathe kuzinena zonse. Kalasi imakumana masana, anthu ataweruka kumunda, m'tchalitchi, m'chipinda cha sukulu ya pulaimale ana atapita, kapena pansi pa mtengo bolodi litatsamira pa thunthu. Dzanja limene lagwira khasu zaka 40 limagwira pensulo mwamphamvu mpaka nsonga kuthyoka kapena pepala kubooka. Mphunzitsi wodziwa ntchito sayamba ndi kope. Amasalaza dothi, wophunzira n'kumajambula chilembo ndi chala kapena kamtengo, chachikulu, mpaka mkono utamasuka. Akafuna kugwira dzanja la mayi wamkulu kuti alitsogolere, amayamba wapempha. Saitana munthu ndi dzina lake la ubwana monga amachitira ndi ana a sukulu; amati aNaphiri, aNabanda, aMwale, kapena agogo, ndipo iwo amamubwezera ulemu pomutchula kuti aphunzitsi, ngakhale ali msinkhu wa mwana wawo. Wolakwitsa samuimiritsa kutsogolo. Amapita pamene wakhala, n'kugwada kapena kunjuta, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Apa mwakhoza, tiyeni tionenso apa." Amayeneranso kuzindikira kuti agogo amene akulephera kuwerenga za pa bolodi mwina vuto si mutu koma maso, n'kuwasendeza kutsogolo popanda kulengeza chifukwa. Chinthu choyamba chimene pafupifupi wophunzira aliyense amafuna ndi dzina lake. Kudinda chala pamaso pa anthu, kuchipatala, kubanki kapena polandira katundu wa boma, kumapweteka mtima kuposa mmene ophunzira bwino amaganizira. Mphunzitsi amene waumirira kutsata buku tsamba ndi tsamba, dzina n'kulisiyira mwezi wachitatu, amataya anthu.

Ambiri mwa ophunzira a sukulu za kwacha m'dziko lonse ndi amayi. Abambo amabwera ochepa, ndipo obwerawo sachedwa kusiya. Zifukwa zake zili m'mudzi momwemo. Mwamuna amene amayankhula pabwalo la milandu safuna kuti akazi amuone akulephera kusiyanitsa b ndi d. Mkamwini sangakhale mphasa imodzi ndi apongozi ake, ndipo sangayankhe funso momasuka iwo ali pomwepo. Mphunzitsi ayenera kudziwa ubale wa aliyense m'kalasi mwake asanakonze pokhala, ndipo nthawi zina amapatula tsiku la abambo okha kapena kumuyendera munthu kunyumba kwake madzulo. Mlendo wochokera kutali, kaya akhale ndi madigiri, zimenezi sangazione msanga. Apa ndi pamene nzeru yosankha mphunzitsi m'mudzi momwemo imaonekera. Ili ndi mbali yake yowawa: amene anakula akumuona akuthamanga wopanda malaya amavutika kukhulupirira kuti angawaphunzitse kanthu, ndipo mkangano wa malire a munda ungathe kuchotsa banja lonse m'kalasi.

Fodya ndiye wapatsa ntchitoyi nkhope yake ya ku Kasungu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo aakulu a m'bomali anasanduka maesiteti, ena a makampani monga Press Farming ndi General Farming, ena a anthu paokha. Bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi osankhidwa kulima ndi kuwotcha fodya m'mabani, ndipo amenewo analinso maphunziro a akuluakulu, ngakhale sankatchedwa choncho. Lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale pa munda wake. Wolima bale anali mwini esiteti, ndipo wogwira ntchitoyo anali tenanti. Matenanti ambiri ankachokera kutali, ku maboma a kummwera kumene malo ndi ochepa, ena oyankhula Chilomwe kapena Chiyao, ndipo ankabwera ndi mabanja awo. Tenanti ankalandira chimanga, feteleza ndi zipangizo pa ngongole, zonse zikulembedwa m'buku la mwini esiteti kapena kapitawo wake, ndipo pakutha pa nyengo ngongoleyo inkachotsedwa pa mtengo wa fodya wake. Munthu wosadziwa kuwerenga ankangomva pakamwa kuti watsala ndi zakuti, kapena kuti sanatsale ndi kanthu. Panalibe amene ankasowa sukulu ya kwacha kuposa iyeyu, komanso panalibe wovuta kumufikira kuposa iye: sanali pansi pa mfumu ya mudzi umene unasankha komiti, nthawi yake inali ya bwana, ndipo chaka chamawa ankatha kusamukira ku esiteti ina. Ana ake nawo ankakulira m'chigafa m'malo mwa m'kalasi, n'kudzakhala ophunzira a kwacha a m'badwo wotsatira.

Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo anayamba kupanga makalabu kuti agulitse ku okushoni. Kusinthaku kunabweretsa mapepala ambiri m'mudzi. Kalabu imafuna mlembi ndi msungichuma. Belo limalembedwa nambala ndi kulemera kwake. Fodya akagulitsidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, msika wa m'boma la Kasungu lomwelo, pamabwera pepala la malonda losonyeza makilogalamu, mtengo wa kilogalamu m'ndalama ya ku America, ndi mndandanda wa zochotsera: ya mayendedwe, ya msika, ya mabungwe, ya ngongole. Mlimi wa fodya amadziwa masamu a pamtima kuposa ana ambiri a sukulu. Chimene chimamusowa ndi kuzindikira masamu omwewo akagona papepala, kudziwa kuti kadontho ka pakati pa manambala kakutanthauza chiyani, ndi kuona msanga muvi wa sikelo ya venda. Mphunzitsi wabwino amauza ophunzira kuti abwere ndi mapepala awo enieni, malisiti ndi makadi a kuchipatala, n'kuwasandutsa phunziro. Potero amakhala atalowa m'nkhani za ndalama za eni ake, ndipo amayenera kusamala kuti aphunzitse munthu kudziwerengera yekha, osati kumuweruzira mlandu wake ndi mlembi wa kalabu.

Fodya yemweyo ndiye amalanda ophunzira. Nazale imayamba kuthiriridwa dzuwa lili pamutu, mvula isanagwe. Mvula ikagwa ndi kuwokera, kupalira ndi kubandira. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, pa nthawi imenenso nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka ndipo anthu ali pa ganyu. Kenaka kusankha masamba, kumanga ndi kudinda mabelo pa jeke. Miyezi khumi ya kalasi singapewe nyengo zonsezi. Onjezanipo maliro, omwe m'mudzi amaimitsa chilichonse, zinamwali, misonkhano ya chitukuko, ndiponso, kwa okhala m'mphepete mwa nkhalango, usiku wochezera kulondera njovu m'munda. Choncho gawo lalikulu la ntchito ya mphunzitsi limachitika kunja kwa kalasi: kuyendera amene ajomba, kukambirana ndi mwamuna amene akuletsa mkazi wake, kugwirizana ndi ophunzira kuti asinthe ola kapena tsiku, kubwereza phunziro kwa amene anatsalira popanda kutopetsa amene anapitirira.

Zaka za m'ma 1990 zinasinthanso zimene mphunzitsi amayembekezeredwa kuchita. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, zizindikiro zimene zinathandiza osadziwa kuwerenga kuponya voti. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo chiwerengero cha ana a sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Maso a boma ndi a mayiko othandiza anapita kwa ana, sukulu za kwacha n'kutsalira m'mbuyo. Nthawi yomweyo mabungwe anabweretsa njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid linaikonza potengera maganizo a Paulo Freire wa ku Brazil. M'njira imeneyi mulibe buku loyambira. Ophunzira amajambula pansi mapu a mudzi wawo kapena kalendala ya miyezi ya njala ndi ya matenda, pogwiritsa ntchito miyala, timitengo ndi njere, ndipo mawu oti aphunzire kulemba amachokera pamenepo. Mphunzitsi amasanduka wotsogolera zokambirana, wofunsa kwambiri kuposa kuuza. Njirayi imalemekeza nzeru za munthu wamkulu, koma imafuna mphunzitsi waluso kuposa wa buku, ndipo pamene maphunziro ake anali ochepa, ambiri ankabwerera ku bolodi ndi kuloweza. Pa mapewa omwewo panagwanso nkhani za Edzi, za ufulu wa amayi, za kubzala mitengo m'dera limene mabani ndi zigafa zadya nkhalango, ndi za banki m'khonde. Bungwe lililonse lofuna kufikira anthu a kumudzi linkaona kalasi ya kwacha ngati khomo lotsegula kale. Zina mwa nkhanizi n'zofunika ndithu, koma maola awiri akadzaza ndi mauthenga, nthawi yogwira pensulo imachepa, ndipo kuteteza nthawi imeneyo ndi udindo wa mphunzitsi.

Ophunzira nawo zofuna zawo zasuntha. Ambiri amene atsiriza Chichewa amapempha Chingerezi, chifukwa mafomu a kubanki, mapepala a mgwirizano ndi makampani ogula fodya ndi malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu amabwera m'chiyankhulo chimenecho, ndipo boma linatsegula makalasi a Chingerezi poyankha pempholi. Foni yam'manja yabweretsa chifukwa china. Wolandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba amene satha kuwerenga uthenga amakakamizika kupereka foni ndi nambala yake yachinsinsi kwa munthu wina.

Chosasintha ndi mmene mphunzitsiyu amasamalidwira. Si wolembedwa ntchito m'boma. Amalandira kangachepe ka pamwezi, kamene kwa zaka zingapo kanali K1,000 kasanakwezedwe, ndipo kamadziwika ndi kuchedwa miyezi yambiri. Mnzake wa ku pulaimale amasulidwa zaka ziwiri ku koleji monga ya aphunzitsi ya Kasungu. Wa kwacha amasulidwa sabata ziwiri, ndipo maphunziro okumbutsa amabwera mwa apo ndi apo. Nayenso ndi mlimi, nazale yake imafuna madzi pa ola lomwe kalasi ikukumana. Woyendera amafika kamodzikamodzi chifukwa cha mtunda ndi kusowa kwa mayendedwe. Ambiri aluso akapeza ntchito ina amachoka, ndipo n'kosayenera kuwadzudzula. Palinso funso la zimene wophunzira awerenge akalandira satifiketi. Kale nyuzipepala ya Boma Lathu ndi magazini ya Za Achikumbi zinkafikako m'midzi, ndipo bungwe la National Library Service lakhala likuyesa kufikitsa mabuku kumidzi, koma m'nyumba zambiri chowerenga chopezeka ndi Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Zilembo zosagwiritsidwa ntchito zimafufutika, ndipo mphunzitsi amapezeka akulandiranso anthu omwe anawakhozetsa zaka zitatu zapitazo. Ena amabwerera dala, chifukwa kalasi ndi malo amene amakumana ndi anzawo ndi kumva zatsopano.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 68.6 pa 100 alionse m'Malawi ndiwo amadziwa kulemba ndi kuwerenga, amayi akutsalira m'mbuyo mwa abambo. Mu 2020 boma linavomereza mfundo zoyendetsera maphunziro a akuluakulu, zomwe zikutambasula ntchitoyi kuti isathere pa zilembo koma ifikenso pa luso la manja ndi la malonda. Bungwe la ku Germany la DVV International lakhala likuthandiza unduna pa ntchitoyi, kuphatikizapo kuyambitsa maphunziro a dipuloma a anthu odzagwira ntchito yophunzitsa akuluakulu. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti, kotero wogwira ntchito m'munda wa fodya ayenera kukhala wolembedwa ndi kulipidwa malipiro. Lamulo lotere limabwera ndi mapepala ake: mgwirizano wa ntchito, kaundula wa masiku ogwira ntchito, ndi siginecha ya pa tsiku la malipiro. M'midzi ya kwa Lukwa ndi m'maesiteti ozungulira, amene akuyembekezeka kuphunzitsa anthu kuwerenga mapepala amenewa asanasaine ndi mlangizi wa sukulu ya kwacha.